Mwana wa mlongo wanga akufuna kupumula chaka ku yunivesite

Funso: Ndine mlimi kuno ku Katete, ndipo chimwalirire mlamu wanga, ana a mlongo wanga ndimawayang'anira ndine. Mtsikana woyamba ali chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma ku Lusaka. Ali pa ngongole ya boma imene imalipira gawo lalikulu la fizi, ife n'kumathirapo pamwamba. Wabwera ku holide ndipo akuti chaka chino sabwerera, akufuna kupumula chaka chimodzi kuti azigwira ntchito pa buthi ya mobile money ya mnzake pa boma, asonkhe ndalama. Mayi ake tulo sakuona, akuti uku ndiye kusiya sukulu. Ndalama zandithera ndithu, koma ndili ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Ndigulitse imodzi ndimukakamize kubwerera, kapena ndimulole?

Yankho: Atsibweni ake a mwana, ng'ombeyo ikhale kaye m'khola. Sindikuti siidzagulitsidwa, koma pa zimene mwalembazi ndikuona kuti simunadziwebe chimene mukufuna kugula nayo.

Ndakhala zaka zambiri ndi ana a m'makoleji m'kaofesi ka uphungu, ndipo mawu akuti "ndikufuna kupumula" ndawamva kosawerengeka. Ali ngati chitenje chimene amafunditsa pa dengu, simungadziwe kuti mkatimo muli ufa kapena madeya mpaka mutavundukula. Ndalama zimatchulidwa poyamba chifukwa ndi chifukwa chokhacho chosachititsa manyazi. Aliyense kumudzi amamvetsa kuti ndalama zavuta, ndipo palibe amene angamuseke mwana pa nkhani imeneyo. Nthawi zina ndi ndalamadi. Koma nthawi zambiri ndalama zangoima kutsogolo, kumbuyo kwake kwabisala china.

Chimene ndakumana nacho koposa ndi kulephera mayeso. Taganizirani mwana amene kuyambira Giredi 1 sanatsikepo pa nambala yachitatu. Ku Giredi 12 anakhoza bwino, dzina lake linatchulidwa kutchalitchi, anansi anapita kukaona kwa mayi ake kuti mwana wanzeruyo ndi uti. Kenako akufika ku Lusaka n'kupezeka m'chipinda cha anthu mazanamazana, onse anali oyamba kusukulu zawo. Mphunzitsi akulankhula kutsogolo uko, dzina lake salidziwa, kaya wabwera kaya sanabwere palibe womufunsa. Pakutha chaka waona D yoyamba m'moyo wake, mwina ziwiri. Mwana wotere sadziwa kulephera, sanakuphunzirepo. Anzake amene anazolowera kugwa ndi kudzuka amangolemba mayeso obwereza n'kupitirira, koma iye amaona ngati dziko latha, ndipo kubwera kudzakuuzani inu amene munagulitsa mtedza kuti akwere basi n'kovuta kuposa kusiya sukulu kwenikweniko. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Zilipo zina. Pakati. Maphunziro amene mwana sanawafune, anangoponyedwamo chifukwa cha mapointi kapena chifukwa akulu anasankha. Njala, ndi kugona mopanikizana anthu anayi kapena asanu m'kachipinda ka anthu awiri. Mwamuna wina, mwina wamkulu ndi waudindo, amene akumuvutitsa. Fizi imene munatumiza koma sinafike ku banki, ndipo pa anyamata masiku ano imathera kubetcha mpira pa foni. Palinso matenda a maganizo, amene kwathu kuno timafulumira kuwatcha ulesi kapena kulodzedwa, pamene mwana wangofooka, sagona, sadya, sakufuna kuona anthu.

Tsono musanaitane banja, yambani mwaona zotsatira zake. Mayunivesite a boma amaika zotsatira ndi ngongole ya fizi pa akaunti ya wophunzira aliyense pa intaneti, ndipo mwanayo angathe kukutsegulirani pa foni pomwepo muli pansi pa mtengo wa mango. Inu mukulipira, muli ndi ufulu woona. Musafunse mokalipa, ingonenani kuti mukufuna kudziwa ndalama zenizeni zimene zatsala. Akayamba kuti netiweki yavuta, mawa n'kuti wayiwala nambala yachinsinsi, mwadziwa kale mbali imene kuli chilonda.

Koma dziwaninso malire anu. Mtsikana sangauze atsibweni ake kuti mwezi wamudumpha, kapena kuti pali bambo wina amene akumuitanira ku ofesi madzulo. Nkhani zimenezo zili ndi eni ake. Tumani mayi ake aang'ono, azakhali ake kapena agogo ake aakazi, amene amaseka naye, acheze naye akusenda mtedza, osati pa msonkhano. Mayi ake enieni panopa ali ndi mantha ochuluka, ndipo mwana akaona misozi ya mayi ake amatseka pakamwa.

Ndikunena izi chifukwa cha mnyamata wina amene sindimuiwala. Anachotsedwa pa maphunziro chaka chachiwiri, koma sanauze munthu. Holide iliyonse ankabwera kumudzi ndi chikwama chake, sukulu ikatsegulira ankakweranso basi, makolo n'kumupatsa ufa, nyemba ndi ndalama. Ku Lusaka ankagona kwa anzake n'kumagwira maganyu. Zaka ziwiri zinatha choncho. Zinaululika pamene mayi ake anali atagula kale nsalu yoti akavale pa tsiku lolandira digiri. Chimene chinandipweteka n'chakuti pa nthawi imene anachotsedwa panali mpata wochita apilo, ndipo akanakhala ndi munthu wamkulu mmodzi yekha womuperekeza, mwina akanabwerera. Wanuyu wachita bwino, walankhula. Musamulange chifukwa cholankhula.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna kuti mugwiritse kwambiri. Mlongo wanu akuti kupumula ndi kusiya n'chimodzi. Akunena zoona ngati palibe pepala. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi si mtima wa mwana kapena malonjezo ake, ndi kalata ya chilolezo yochokera ku yunivesite, yokhala ndi chidindo ndi tsiku lobwerera. Wophunzira amene akufuna kuima amalemba kalata kwa Dean, mkulu wa gawo la maphunziro ake, kunena chifukwa, kuikapo umboni monga kalata ya kuchipatala kapena satifiketi ya imfa ya womulipirira, ndipo amadikira yankho. Akaloledwa, malo ake amasungidwa ndipo makosi amene anakhoza kale sakhudzidwa. Koma amene wangokhala kunyumba osanena, mabuku a yunivesite samudziwa kuti ali pa buthi ku Katete. Ngati anali atalembetsa kale makosi, amaoneka ngati munthu amene anathawa mayeso, ndipo zotsatira zake zimadetsedwa. Akadzabwera pakatha chaka kapena ziwiri, amapeza kuti ayenera kupempha kuti alandiridwenso, ndipo pamenepo yankho lingakhale lililonse. Kumbukiraninso kuti digiri iliyonse ili ndi zaka zake zimene munthu ayenera kumalizira, sikuti khomo limakhala lotsegula mpaka kalekale.

Kalatayi ili ndi nyengo yake ngati fetereza. Yolembedwa chaka chisanayambe, kapena mayeso akadali kutali, imamveka. Yolembedwa mayeso atadutsa imaoneka ngati chophimbira kulephera. Ndipo musaitumize kudzera mwa mnzake wa m'kalasi kapena pa WhatsApp. Kandimverere adakanena zam'maluwa. Kuchoka ku Katete kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ulendo wa tsiku limodzi, ndipo mtengo wa basi wa anthu awiri sufika ngakhale pa mwendo umodzi wa ng'ombe yanuyo. Pitani naye. Ngakhale mutaganiza kuti abwerere kusukulu osapumula, ulendowu ngwofunikabe, chifukwa ku ofesi ya zachuma ndi kwa woyang'anira ophunzira ndi kumene mukamve zenizeni.

Kalata yachiwiri ndi ya eni ngongole. Bungwe limene likumulipirira ndi Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB mwachidule, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija. N'chifukwa chake ana mpaka lero ndalama ya chakudya amaitchula kuti BC. Makolo ambiri amaganizabe kuti ndi basare, mphatso ya boma. Ayi, ndi ngongole, ndipo boma likubweza ndithu, kuyambira kwa amene anathandizidwa mu 2004 kubwera kuno, podula pa malipiro awo. Mwana akasiya pa chaka chachiwiri, ndalama za zaka ziwirizo zimakhalabe pa dzina lake ndi pa nambala ya chitupa chake, digiri alibe. Ichi mumuuze momveka, chifukwa ana ambiri sachiganizira. Ndipo ngati apumula ndi chilolezo, HELSB iyenera kudziwitsidwa mwa kalata, ndi kope la chilolezo chija, kuti pobwerera asapeze dzina lake litafufutidwa. Ngongoleyi imayendera limodzi ndi kukhoza, moti mwana akabwereza makosi, kawirikawiri mtolo wa obwerezawo umagwera banja. Mwina apa mpamene pagona nkhani ya mwana wanu. Ngati walephera makosi awiri ndipo akudziwa kuti ndalama yake idzachokera m'thumba lanu, n'zotheka kuti "kupumula" kwakeko ndi njira yake yokupulumutsani.

Mufunsenso za BC. Ndalama ya chakudyayi inachotsedwa mu 2019, n'kubwezeretsedwa mu 2023. Ngati amalandira, imapita kuti? Ndaona atsikana ambiri a kuno kum'mawa, makamaka ana oyamba a amayi amasiye, akutumiza theka la ndalamayo kumudzi kuti agulire sopo ndi nsapato za azing'ono awo, iwo n'kumadya kamodzi pa tsiku. Mlongo wanu angadziwe bwino ngati pamabwera kauthenga ka ndalama pa foni yake mwezi ndi mwezi. Sikuti ndikumuimba mlandu, umphawi ndi umene umachititsa, koma mwana wanjala sawerenga.

Nanga buthi ija? Apa ndilankhula mosapsatira, chifukwa sindikhulupirira kuti ingasonkhe fizi. Imani tsiku lina pa boma muyang'ane. Timabuthi tofiira ndi tachikasu tandandalika kuyambira pa siteshoni mpaka pamsika, tina togundana, tonse tikulimbirana anthu omwewo. Mkatimo muli mtsikana pa kampando, mafoni awiri kapena atatu, kabuku kolembamo manambala ndi kathumba m'chiuno. Ndalama zimene akuwerenga tsiku lonse si zake, ndi za mwini buthi. Phindu limapita kwa mwini, iye amalandira kamalipiro pakutha mwezi. Tsiku limene wakuba wamupusitsa ndi uthenga wabodza, kapena walakwitsa nambala imodzi, shoti yonse imadulidwa pa kamalipiro komweko. Khalani naye pansi ndi pensulo. Alembe ndalama imene mnzakeyo walonjeza, achotse chakudya cha masana, mayendedwe, tsitsi ndi mabandulo. Kenako achotse chimene palibe amene amachiwerengera, chakuti mwana akakhala pakhomo ndipo akulandira, mchere ukatha amayang'ana iye, maliro akagwa amayang'ana iye, mng'ono wake akang'amba yunifomu ndi iye. Chotsala achulukitse ndi 12, muyerekeze ndi fizi ndi lendi ya ku Lusaka. Ndikukayika ngati zingakumane.

Choopsa chenicheni cha buthi si kuchepa kwa ndalama. Ndi kukoma kwake. Munthu amene wakhala zaka ziwiri akupempha ndalama ya sopo, akayamba kugwira yakeyake, ngakhale yochepa, mabuku amayamba kuoneka ngati chilango. Pakadafunda padajiwitsa galu. Anzake a m'kalasi amapita patsogolo, gulu la pa foni limayamba kukamba zinthu zimene iye sakuzidziwa, amatulukamo. Ndipo pa zenera la buthi pamaima anthu ambiri, ena sabwera kudzatumiza ndalama. Mantha a mlongo wanu si opanda pake.

Tinene kuti mwavundukula dengu ndipo mwapeza kuti ndi ndalamadi, zotsatira zili bwino. Pamenepo ine ndingati abwerere, ndipo nkhondo ikhale yopeza ndalama, osati yopumula. Dziwani kaye chiwerengero chenicheni mpaka ngwee. Kawirikawiri chimene chimatsekereza mwana kulembetsa kapena kulowa m'mayeso si fizi yonse, ndi gawo lake, ndipo ku ofesi ya zachuma kumatheka kukambirana zolipira pang'onopang'ono. Funsaninso ku HELSB ngati angaonenso mlingo wa ngongole yake. Ena amapatsidwa yonse, ena magawo atatu mwa anayi, ena theka, ndipo umasiye ndi chimodzi mwa zimene amayang'ana. Ngati bambo ake anamwalira iye atalowa kale, n'kutheka kuti mapepala ake akusonyezabe kuti ali ndi makolo onse awiri. Tengani satifiketi ya imfa ndi kalata ya a Social Welfare a pa boma panu. Sindikulonjeza kuti avomera, koma osapempha sapatsidwa.

Mtolowu musausenze nokha chifukwa choti ndinu mwini mbumba. Mwanayu ali ndi abale a bambo ake. Mwambo wathu umati ana ndi a kuchikazi, koma tsiku la digiri onse adzafuna kulowa pa chithunzi, choncho afikireni lero, ndi chiwerengero cholembedwa, aliyense anene thumba lake la chimanga kapena la soya. Mbuzi, nkhumba, chilimba cha amayi, zonsezi zibwere patsogolo pa ng'ombe. Kaloba yekha, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, musamuyandikire.

Ng'ombe ndikuikanira pa chifukwa chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Muli ndi ziwiri, ndiye kuti goli limodzi. Mukagulitsa imodzi simunagulitse theka la chuma chanu, mwagulitsa pulawo, ngolo ndi munda wa chaka chamawa. Mudzayamba kudikira kuti anzanu amalize kulima ndiye akubwerekeni, mvula yoyamba itapita. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, chinationetsa mmene nkhokwe imaphwera msanga. Ndipo mwanayu watsala ndi zaka zosachepera ziwiri, kumbuyo kwake kuli azing'ono ake. Ng'ombe imagulitsidwa pa chaka chomaliza, pamene ikugula digiri yeniyeni, osati pakati pa mtsinje.

Ilipo nthawi imene ine ndemwe ndimalangiza mwana kuti aime. Akadwala, m'thupi kapena m'maganizo, kumukankhira m'basi n'kumutumiza kukalephera, mwinanso zoipa kuposa pamenepo. Mukaona kuti wasintha, akudzitsekera m'nyumba, kapena wanenapo mawu osonyeza kuti moyo wamukwana, mupite naye kuchipatala msanga, nkhani ya sukulu ibwere pambuyo. Ngati ndi pakati, si mapeto. Dziko lino kuyambira 1997 limalola ngakhale atsikana a ku sekondale kubwerera kusukulu akabereka, ndipo ku yunivesite alipo ambiri amene amaliza mwana ali kwa agogo ake. Chimene mungakane ndi kuthamangira ukwati kuti mubise manyazi. Ngati pali munthu amene akumuvutitsa kusukuluko, nkhaniyo ikafike kwa woyang'anira ophunzira, inu muli pomwepo. Pa zonsezi kupumula n'kwabwino, koma kukhale ndi kalata zija ziwiri, ndipo tsiku lobwerera lidziwike kwa banja lonse, limangidwe pa chinthu chooneka, monga kuti tikagulitsa soya chakuti chapita ku akaunti ya yunivesite, osati m'manja mwa munthu. Mabuku ake asalowe pansi pa bedi. Ntchito ya pa buthi angaigwire pa miyezi imeneyo, bola aliyense adziwe kuti ndi yodikirira basi.

Mwinanso adzakuuzani chimene simukufuna kumva, kuti maphunziro amenewo sawafuna n'komwe. Funsani kaye ngati angasinthe kupita ku maphunziro ena pa yunivesite yomweyo, chifukwa makosi ena amene anakhoza angawerengedwe. Zikakanika, kuno kwathu njira zilipo, ndipo zili pafupi ndi nkhokwe. Pakhomo panu pomwepo pali sukulu ya unamwino pa chipatala cha St Francis, ina ili ku Mwami, ku Chipata kuli koleji ya aphunzitsi ndi Chipata Trades, komanso kuli Ukwimi Trades cha ku Petauke. Kuyambira 2022, pamene ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha madera, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Imeneyo si ngongole. Ingosamalani ndi timakoleji tomera ngati bowa. Musanalipire kalikonse, onani ngati sukuluyo ndi maphunzirowo zili m'kaundula wa TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kapena wa Higher Education Authority, loyang'anira maphunziro apamwamba. Ndipo musasankhe uphunzitsi kapena unamwino poganiza kuti ntchito ili chile. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atakhala zaka pakhomo ndi mapepala awo.

Sabata ino, tumani mayi ake aang'ono akacheze naye, inu muone zotsatira pa foni. Sabata yamawa kwerani basi ya m'bandakucha nonse awiri. M'chikwama mukhale chitupa chake, khadi la ku yunivesite, malisiti onse a fizi amene muli nawo, satifiketi ya imfa ya bambo ake, ndi kalata iliyonse imene mwalemba ikhale makope awiri. Limodzi musiye ku ofesi, linalo akudindireni mubwere nalo, mukalipereke kwa mlongo wanu alisunge m'sutikesi momwe amasungira makadi a sikelo a ana.